Holide Ino Tiwaonetse Ana Zomwe Zili Kwathu Kuno ku Dedza

Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndifotokoze zomwe tikufuna kuchita ndi ana pa holide ikubwerayi. Ndikunena azing'ono athu a Sitandade 3 mpaka 7, omwe sukulu ikangotsekedwa amaswera pa msika kapena m'mavidiyo.

Mufunseni mwana wa kuno kuti ku Dedza kuli chiyani, akuyankhani kuti mbatatesi ndi kuzizira, basi. Chonsecho m'boma lathu lino muli Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006 chifukwa cha zojambula za pa miyala. Malo okhala ndi zojambulazo alipo 127. Ena awonongeka kale ndi utsi wa moto komanso mayina omwe anthu amalemba ndi makala pamwamba pake. Amalembawo nthawi zambiri ndi ana ndi achinyamata ngati ife, chifukwa palibe anawauza kuti chimene akuchiwonongacho ndi chiyani. Ndiye takonza zinthu zinayi, ndipo zitatu mwa izo sizifuna ndalama ya galimoto.

Choyamba ndi ndalama zomwe zili m'matumba mwathumu. Tidzagawa ana m'magulu, gulu lililonse tilipatse ndalama ya pepala imodzi, kenako tifunse kuti nkhope iyi ndi ya ndani. Pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mpaka atsamunda anawachotsa pa mpando mu 1953. Pa K100 pali James Sangala, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, amene anamangidwa mu 1959 n'kupita kundende ndi khanda lawo. Pa K500 pali John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, ndipo timawakumbukira pa 15 January. Akatembenuza K200 aona Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, pa K500 aona damu la Mulunguzi la pa phiri la Zomba. Gulu lililonse likonze kasewero ka mphindi zisanu ka munthu wawoyo. Mwana amene wasewera ngati mayi Chibambo sangaiwale dzinalo pa mayeso.

Chachiwiri ndi mapu a Malawi ojambula pansi pa bwalo, aakulu oti munthu n'kuyendamo. Phulusa likhale nyanja, chingwe chikhale mtsinje wa Shire kuchokera ku Mangochi kutsika mpaka ku Nsanje, mwala waukulu ukhale phiri la Mulanje lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Tikatero wina aziitana dzina la boma, ana azithamangira pomwe bomalo lili. Maboma alipo 28, ndiye masewerawa sangathe msanga. Pomwepo tiwaonetsenso malire a dziko lathu ndi Mozambique, kuti amvetse chifukwa chake ukamayenda pa msewu wa M1 kupita ku Ntcheu pali malo ena omwe tsidya la msewu ndi dziko lina, koma anthu ake akuyankhula ngati ife ndipo ena ndi abale athu.

Chachitatu ndi kucheza ndi agogo. Mwana aliyense atenge kope ndi cholembera, akafunse agogo kapena wachikulire wina wa m'mudzi mafunso ochepa: dzina la mudzi wathu linabwera bwanji, mafumu amene akhalapo ndi ati, ife mfunda wathu ndi wotani ndipo tinachokera kuti. Akafunsenso za anthu amene ankapita ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ndi za riferendamu ya 1993 pomwe anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala. Amene anaona njala ya 1949 ali ana lero apitirira zaka 80, ndipo atsala ochepa. Tikachedwa, nkhani zawo tidzazikwirira nawo limodzi. Zomwe ana alembe tidzaziwerenga pano madzulo, kenako tichite nthano, ndagi, phada ndi bawo.

Chachinayi ndiye ulendo wa ku Chentcherere, amodzi mwa malo a Chongoni omwe ali pafupi ndi tauni ya Dedza. Kumeneko ana akaona zojambula za mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera anajambula Achewa ndi dothi loyera, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Tisananyamuke tidzawauza malamulo momveka: osagwira chojambula ndi dzanja, osathirapo madzi kuti chioneke bwino, osalembapo dzina, osakoleza moto pansi pa thanthwe. Aliyense ajambule m'kope mwake zomwe waona. Ndalama ikapezeka tidzatsikanso msewu wa Golomoti kupita ku Mua, komwe kuli mishoni yomwe inayamba mu 1902 ndi malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba yosungira zakale ya kumeneko akufotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba zambiri za Gule Wamkulu.

Pa nkhani ya Gule Wamkuluyi ndinene poyera, chifukwa ndikudziwa kuti makolo ena ali ndi nkhawa. Sitikupita ndi mwana wa munthu ku dambwe, ndipo sitidzafunsa zinsinsi za eni ake. Tidzaphunzira zomwe mlendo aliyense amaloledwa kuona, kuphatikizapo kuti UNESCO inauzindikira guleyu mu 2005. Kholo lomwe silikufuna kuti mwana wake apite ku Mua lingotiuza, mwanayo azichita nawo zina zonsezo popanda womunyoza.

Tsono apa ndi pomwe tikufunika ife. Ana khumi aliwonse akhale ndi oyang'anira awiri, mmodzi wamkazi mmodzi wamwamuna. Palibe mwana amene adzapite pa ulendo popanda chilolezo cha makolo cholembedwa. A Tcheya, tikupemphani kuti inu ndi a komiti mukaonane ndi amfumu sabata ino, atipatse bwalo komanso atiuze agogo oti tikacheze nawo. Enafe tibweretse makope otsala masamba, zolembera ndi makatoni akale. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye wina asanene kuti kwathu kulibe mwana wa Sitandade 5. Amene mwakonzeka kuyang'anira gulu, lembetsani dzina kwa a mlembi tisanabalalike, kapena pofika Lachisanu, kuti tidziwe kuti tilandira ana angati.