Mwana Wovutika Kulankhula

Amayi ndi abambo a sukulu za kwacha m'boma lino la Chiradzulu, lero tikambirane za anthu amene amavutika kulankhula.

Mavuto ake ndi osiyanasiyana. Pali mwana wachibwibwi. Iyeyu amadziwa chimene akufuna kunena, koma mawu amakakamira pakamwa. Pali mwana wosamva. Ena amabadwa choncho, ena amagontha chifukwa cha mafinya a m'khutu kapena matenda oumitsa khosi. Mwana amaphunzira kulankhula pomva anthu ena, tsono ngati sakumva, mawu sabwera. Palinso akuluakulu amene anadwala sitiroko chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ambiri nzeru zawo zilipo ndithu, koma mawu amawasowa. Onsewa sanalodzedwe, ndipo si zitsiru.

Koma pali mwana wina amene sakudwala konse. Kuno kwathu makomo ena amalankhula Chichewa, ena Chiyao, ena Chilomwe. Mwana wokulira pa Chiyao akayamba Sitandade 1 amatha kungokhala duu, kapena kusakaniza mawu. Anthu nkumati ali ndi vuto. Musafulumire. Mumvereni akamasewera ndi anzake pakhomo. Ngati chiyankhulo cha kwawo amachilankhula bwino monga ana a msinkhu wake, palibe nthenda. Akuphunzira chiyankhulo chachiwiri basi. Ngati akuvutika m'ziyankhulo zonse ziwiri, pamenepo funani chithandizo. Dziwaninso kuti kulankhula ziyankhulo ziwiri sikuyambitsa chibwibwi.

Chithandizo sichili kutali. Maphunziro a ana osamva m'Malawi muno anayambira m'boma lathu lino, ku Montfort, ku Nguludi, m'chaka cha 1968. Komweko kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview, ndiponso koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala. Ana osamva ali ndi chiyankhulo chawo chamanja, ndipo ndi chiyankhulo chenicheni monga Chichewa. Za makutu, yambani ku chipatala cha pafupi. Akaona kuti nkofunika, adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene amayeza makutu.

Mukapita kumeneko musachite manyazi. Nenani poyera kuti, "Mwanayu kunyumba amalankhula Chiyao." Wothandizayo ayenera kumuyesa m'chiyankhulo chimene iye amamva. Ngati sachidziwa, pemphani womasulira, kapena masulirani nokha. Akamuonetsa chithunzi cha chinthu chimene sanachionepo, mwana akhala chete ngakhale ali bwinobwino. Inu nenani kuti, "Muonetseni mbuzi, khasu kapena mtondo." Dokotala amadziwa za khutu ndi lilime, koma mawu a pakhomo panu mumawadziwa ndinu. Mwana wa kumudzi ndi mwana wa m'tauni ayenera kuthandizidwa mofanana.

Nanga kunyumba tichite chiyani? Wachibwibwi musamukalipire, musamuseke, musamumalizire mawu. Mudikireni atsirize yekha. Kumutema ndi lumo kunsi kwa lilime sikuchiza chibwibwi, kumangobweretsa bala. Polankhula ndi wosamva, muyang'aneni kumaso pamalo powala, ndipo gwiritsani ntchito manja. Agogo a sitiroko afunseni mafunso afupiafupi oti ayankhe "inde" kapena "ayi". Mwana wamng'ono muzimulankhula posinja, potunga madzi, pomusambitsa. Muzimusimbira nthano m'chiyankhulo chanu.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana akakwanitsa zaka 2 asanatchule mawu ndi amodzi omwe, kapena akapanda kutembenuka mukamuitana chakumbuyo, musadikire kuti ayambe sukulu. Pitani naye ku sikelo mukawauze alangizi a zaumoyo. Ndipo musamubise m'nyumba ayi.

Mafunso okambirana

1. Kodi mungadziwe bwanji kuti mwana akungophunzira chiyankhulo chachiwiri?
2. Tchulani zinthu zitatu zosayenera kumuchitira wachibwibwi.
3. Lembani mawu asanu amene mwana wa pakhomo panu amawadziwa bwino.