Sefa ya mu Ubongo wa Mwana Wanu

Sikelo imatiuza kulemera kwa mwana, koma za nzeru zake siinena kanthu. Tsono lero tikambirane chifukwa chake mwana amasunga zina nataya zina mwa zimene amamva.

Mu ubongo muli timitsempha tosaŵerengeka totumizirana mauthenga. Timitsemphati sitigundana ai. Pakati pa kamtsempha ndi kanzake pali kampata kosaoneka ndi maso, kamene madokotala amakatcha sinapisi. Uthenga ukafika pamenepo uyenera kuoloka, monga inu muolokera mtsinje wa Mwanza pa dooko. Chouolotsa ndi timadzi timene kamtsemphako kamatulutsa.

Madooko ameneŵa ngosiyana. Ena amaolotsa uthenga woyamba mwamphamvu, koma mauthenga akathithikana timadzi tija timachepa, ndipo otsatirawo amaoloka mofooka. Ena ngaulesi poyamba: uthenga umodzi wokha saulabadira kwenikweni, koma akabwera angapo msangamsanga amadzuka nayamba kuolotsa mwamphamvu. Umo ndimo ubongo umasefera mauthenga, monga sefa ilekanitsa ufa wa mapira ndi misere.

Mu 1966, ku Oslo m'dziko la Norway, Terje Lømo anayesa zimenezi pa akalulu, m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, chimene chimathandiza kusunga zinthu zatsopano. Anapeza kuti mauthenga ambiri otumizidwa mofulumira kwa kanthaŵi kochepa amasiya dooko lili lamphamvu kwa maola ambiri. Mu 1992 akatswiri ena anaonetsa kuti mauthenga obwera mwaulesi, umodzi pa sekondi kwa mphindi 15, amalifoola. Dooko lolimbalo ndilo chiyambi cha kukumbukira.

Musamve ngati tikuti muzilankhula mothamanga. Liŵiro tikunenali ndi la m'kati mwa mutu. Chimene chimadzutsa timitsempha tambiri pamodzi ndi chidwi cha mwana. Mukamuyang'ana m'maso, nkumupatsa chipande agwire, nkutchula kuti "chipande", maso, makutu ndi manja zimatumiza mauthenga nthaŵi imodzi. Koma wailesi yongolira tsiku lonse mwana amaizoloŵera, ndipo saphunzirapo kulankhula. Ena amati khanda silimva kanthu, nanga ndilankhule nalo chiyani? Limamva ndithu. Lankhulani nalo poyamwitsa, polisambitsa ndi popita ku mjigo lili kumbuyo. Nyimbo imene mwamuimbira mwana lero muimbireninso maŵa ndi mkuja, pakuti kubwereza masiku osiyana kumaposa kumupanikiza tsiku limodzi. Akagona musamudzutse chisawawa: m'tulo ubongo umabwereza zimene waphunzira masana.

Mdani wamkulu wa ntchito imeneyi kuno ku chigwa ndi malungo. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene akhala akufufuza malungo a mu ubongo kwa zaka zambiri, aona kuti ena mwa ana ochira amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira. Mwana agone m'neti usiku uliwonse, ngakhale kutenthe chotani mu Okutobala. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu 2019. Funsani a zaumoyo ngati mwana wanu wakwanira kulandira. Thupi likatentha, kapena mwana akakomoka, bwerani naye tsiku lomwelo, ndipo musaiŵale buku lake la ku sikelo.