Chimbudzi ndi Chitsime: Mawu kwa Ogwira Ntchito m'Mafamu ndi m'Nyumba ku Sanyati, Kadoma ndi Chegutu

Ambiri a ife ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'minda ya thonje ndiponso m'migodi monga Cam and Motor ndi Dalny. Lero ndikufuna tikambirane za madzi amene timamwa pa komboni.

Kolera si mlendo kuno. M'zaka za 2008 ndi 2009 anthu oposa 98,000 anadwala matendawa m'Zimbabwe, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Chegutu ndi Kadoma anali m'gulu la madera amene anavutika koposa. Mu February 2023 matendawa anabukanso, ndipo anayambira ku Chegutu komweko. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kodi zonyansa zimafika bwanji m'chitsime chimene madzi ake akuoneka oyera? Pansi pa nthaka pali madzi oyenda pang'onopang'ono, makamaka kulowera kumunsi. M'chilimwe amakhala kutali, koma m'dzinja amakwera, maka pafupi ndi madambo ndi mitsinje monga Munyati ndi Mupfure. Akafika pa dzenje la chimbudzi amatenga tizilombo n'kupita nato kuchitsime. Dothi lamchenga limalola madzi kudutsa msanga, pomwe makande amang'aluka kukatentha, ndipo mvula yoyamba imatsika m'ming'alumo osasefeka. Choncho kumbani chimbudzi kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo pansi pa dzenjelo patalikirane ndi madzi a m'dzinja ndi mamita awiri.

Nzeru zothetsera vutoli zinabadwira m'dziko muno. Chimbudzi cha Blair, chokhala ndi paipi yotulutsa fungo ndi kukola ntchentche, anachikonza ndi Dr Peter Morgan ku Harare m'zaka za m'ma 1970. Nacho chitsime chifunika kumangidwa ndi njerwa, chikhale ndi chivundikiro, simenti kuzungulira pakamwa, ndi ndowa imodzi yosaikidwa pansi.

Tsopano kwa inu ogwira ntchito m'nyumba za abwana. Thanki ya septiki siyeretsa madzi kotheratu. Imangosunga zolimba, ndipo madzi otsalawo amalowa m'nthaka kudzera m'dzenje lamiyala. Mukaona udzu wobiriwira kwambiri pamenepo m'chilimwe, kapena matope onunkha, dziwani kuti yadzaza kapena yasweka, ndipo mjigo wapafupi uli pangozi. Wina akakutumani kulowa m'thankimo ndi ndowa, kanani. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake amathera momwemo. Kupopa ndi ntchito ya galimoto yake.

Musaope kuyankhula poganiza kuti ndinu alendo. Gawo 77 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 likunena kuti munthu aliyense, osati nzika yokha, ali ndi ufulu wa madzi aukhondo. Chitsime chikakukayikitsani, pitani limodzi kwa mlangizi wa zaumoyo pa chipatala chapafupi, mumupemphe adzayeze madziwo. Mwini famu akanyalanyaza, dziwitsani komiti ya antchito kapena bungwe la GAPWUZ. Pitani ambiri, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Podikira zimenezi, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo WaterGuard. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, sungunulani timasupuni tating'ono 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere m'madzi owiritsa okwana 750ml. Amwe pafupipafupi muli pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Mvula isanagwe chaka chino, aliyense ayese mapazi kuchokera pa chimbudzi kufika pa chitsime. Akapanda kukwana 40, nkhaniyo ifike kwa komiti sabata yomweyo.