Chingwe Chachifupi cha pa Bwalo la Masewera



Lero tifuna kucheza nanu za mwambo umene ukuzika mizu m'maiko ambiri osauka, ndi kuno kwathu komwe. Pakakhala masewera a abale athu olumala, akuluakulu a makampani amamasula antchito awo kuti akathandize ku bwalo. Tsiku limenelo kalaliki amasiya cholembera natenga ndowa ya laimu kukalemba mizere. Mayi amene amawerenga ndalama ku banki amasenza madzi akumwa. Wina wagwira wotchi, wina akulemba maina, wina akukankha njinga ya mwana amene sanapondepo bwalo lalikulu chibadwire. Tiyambe ndi kuwathokoza anthu amenewa, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo popanda manja otere masewerawa sangachitike.

Masewera amenewa anayamba mochepa. M'chaka cha 1948, ku chipatala cha Stoke Mandeville ku England, dokotala Ludwig Guttmann anasonkhanitsa anthu 16 ovulala msana kuti apikisane poponya mivi ali pa njinga zawo. Pofika 1960, anthu 400 ochokera m'maiko 23 anakumana ku Roma, ndipo Papa Yohane wa 23 anawalandira ku Vatican. Mu 1968 mayi Eunice Kennedy Shriver, amene mchemwali wake Rosemary anali ndi ulumali wa m'nzeru, anatsegula ku Chicago masewera otchedwa Special Olympics, ndipo kampani ya Coca-Cola inawagwira dzanja kuyambira chaka chomwecho.

Kwathu kuno zinachedwa. Mu 2012 Malawi anayenera kutumiza othamanga awiri osaona bwino ku masewera a Paralympics ku London, koma ulendo unalephereka chifukwa ndalama sizinapezeke. Taganizani, abale: kukonzekera miyezi yonse ija, thukuta lonse lija, kenaka n'kuuzidwa kuti khalani. Tinadikira zaka zina zinayi kufikira 2016, pamene mtsikana Taonere Banda anathamanga mamita 1,500 ku Rio de Janeiro, nakhala Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa masewera amenewo. Choncho tikamanena za thandizo la makampani, sitikunena za zokometsera ayi. Kawirikawiri pa thandizo limeneli ndi pamene pamadziwikira ngati mwana apita kapena atsala.

Tsono pali lamulo limodzi la pa bwalo limene tifuna tiliganizire pamodzi. Munthu wosaona konse akamathamanga, amakhala ndi mnzake woona pambali pake, ndipo awiriwo amagwirana ndi kachingwe kakafupi m'manja. Woonayo amamuuza pamene pali pokhota, amamuuza ngati anzake ali pafupi kapena patali. Koma saloledwa kumukoka, saloledwa kumukankha, ndipo pofika pa mzere womaliza saloledwa kutsogola. Akangodutsa mzere iye poyamba, mnzake uja amachotsedwa pa mpikisano, ngakhale atathamanga bwino chotani. Woperekeza amatopa chimodzimodzi, amapuma movutika chimodzimodzi, koma phazi lomaliza amalibweza pang'ono kuti mwini mpikisano alowe.

Apa ndi pamene mtima wathu umawawa, ndipo tinene mosabisa. Taona masiku ena a masewera pamene operekeza amadutsa mzere poyamba. Malaya a kampani ndi atsopano, chikwangwani n'chachikulu kuposa bwalo, wojambula zithunzi wafika m'mamawa. Ana akhala padzuwa maola awiri kudikira kuti mlendo wolemekezeka afike, alankhule. Mawa lake m'nyuzipepala mukuoneka bwana akupereka cheke, dzina lake lalembedwa lonse ndi udindo wake womwe, koma mnyamata amene anapambana waima kumapeto kwa chithunzi, wopanda dzina, angomutchula kuti mmodzi wa opindula. Sitikudzudzula kampani chifukwa chofuna kudziwika; malonda amayenda motero, ndipo ife tonse timadya za malonda. Koma mwana amene waphunzira kuyendetsa njinga yake yekha, namakankhidwa mokakamiza kuti chithunzi chikome, wakokedwa ndi chingwe chija.

Mthenga Wabwino wa Marko, m'mutu wachiwiri, umatiuza za anthu anayi a ku Kapernao amene ananyamula mnzawo wofa ziwalo kupita naye kwa Yezu. Atapeza pakhomo padzaza, sanamusiye panja n'kunena kuti tayesetsa. Anakwera naye pamwamba, nasasula denga, namutsitsa. Maina awo sanalembedwe, ndipo amene anatuluka m'nyumbamo anthu akumuyang'ana ndi mnzawo uja, atasenza yekha mphasa yake. Ife timadzifunsa kawirikawiri kuti kodi denga lija analikonza ndani khamu litabalalika. Mlembi sanatiuze, koma ntchito imeneyo inalipo, ndipo inagwiridwa popanda wowombera m'manja.

Ntchito yokonza denga ndiyo imene imasowa antchito. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Loweruka bwalo limadzaza. Lolemba njinga ija imene inathyoka sipoko ili kuseri kwa nyumba, mtsikana uja wabwerera kumudzi kumene kulibe womuyeseza, ndipo bungwe la masewera, limene kawirikawiri limayendetsedwa ndi aphunzitsi ndi makolo, silidziwa polembera kalata yopempha thandizo la chaka chamawa. Mu 2014 atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Lilongwe, poitanidwa ndi Mayi Joyce Banda, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, pamodzi ndi a Special Olympics, kukambirana za anthu olumala. Misonkhano yotere ndi yofunika, koma siwotcherera njinga.

Inu abale amene mumagwira ntchito m'makampani, chimene muli nacho chachikulu si mphamvu zonyamulira madzi ayi, ndi luso lanu. Kuyambira 1997 a Special Olympics amaitana madokotala odzipereka kudzapima maso, mano ndi makutu a osewera pa bwalo pomwepo, ndipo ena amalandira magalasi awo oyamba kumeneko. Momwemonso wowerengera ndalama angathe kukhala ndi msungichuma wa bungwe madzulo amodzi pa mwezi kuti mabuku alongosoke. Wowotcherera zitsulo angathe kukonza njinga zitatu pa Loweruka limodzi. Dalaivala amene amapita ku boma lakutali sabata iliyonse angathe kupempha bwana wake chilolezo chotengako wosewera mmodzi. Ndipo musanagule malaya, kafunseni eni akewo chimene akusowa. Mwina adzakuuzani kuti ndi nsapato, kapena chimbudzi cha pa bwalo chimene njinga ingalowemo.

Kwa inu anyamata ndi atsikana a m'maofesi amene mumathamanga m'mamawa musanapite ku ntchito: wothamanga wosaona sangayeseze yekha ngakhale tsiku limodzi. Amafunika mnzake Lachiwiri, amafunika mnzake Lachinayi, kusanache, m'nyengo yozizira ya mwezi wa Juni, pamene palibe chikwangwani kapena wojambula. Kachingwe kaja kali ndi mbali ziwiri, ndipo m'mizinda yathu mbali imodzi ikulendewera.