Mwana Akamapita Kukaphunzira ku Maiko Ena

Lero sindikamba za mbewu kapena za feteleza ai. Ndifuna kuti tikambirane za ana athu amene akhoza bwino mayeso, nafuna kukapitiriza maphunziro ku masukulu a ukachenjede a maiko ena.

Inu a ku Mchinji malire simuwaopa. Mumaoloka pa Mwami kunka ku Chipata, ndipo mumagula ndi kugulitsa m'chinenero chanu chomwe. Mwezi wa August ambiri a inu mumapita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba, kumene mukumana ndi Achewa a ku Zambia ndi a ku Mozambique olankhula monga inu. Chifukwa cha ichi ena amayesa kuti kunja konse kuli chomwecho. Si tero ai. Mwana akafika ku London, ku Edinburgh kapena ku Cape Town, adzapempha madzi, adzafunsa njira, nadzalemba mayeso ake m'Chingerezi chokhachokha.

Nkhaniyi si yachilendo kwanu kuno. Seminale ya Kachebere, imene inatsegulidwa mu 1939 pamalire penipeni, inkalandira anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, a zinenero zosiyanasiyana, ndipo ankamvana m'kalasi ndi Chingerezi ndi Chilatini. Yunivesite ya Malawi isanayambe kuphunzitsa mu 1965, ofuna maphunziro apamwamba ankapita kutali. A Orton Chirwa ndi a Masauko Chipembere anaphunzira ku Fort Hare, ku South Africa. A Kanyama Chiume ku Makerere, ku Uganda. A Legson Kayira ananyamuka pansi mu 1958, nayenda zaka ziwiri asanafike ku sukulu ya ku America. Ndipo pafupi pompa, ku Wimbe m'boma la Kasungu, kunachokera William Kamkwamba, mwana wa mlimi, amene analeka sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Mabuku a m'laibulale ankawawerenga movutika, potsata zithunzi, popeza Chingerezi chake chinali chochepa. Koma anachilimbikira, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College.

Tsono mvetsani ichi. Mwana wanu akakhoza Chingerezi pa mayeso a MSCE, mwachita bwino kukondwera, pakuti popanda icho satifiketi sapatsidwa. Koma masukulu ambiri akunja afunanso mayeso ena, monga IELTS kapena TOEFL. Mayeso a IELTS ali ndi mbali zinai: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Malikisi ake amalekeza pa 9, ndipo masukulu ambiri afuna 6 kapena 6.5. Pa kumvetsera, mau amveka kamodzi kokha, osabwereza. Pa kulankhula, mwana akhala ndi womuyesa nacheza naye kwa mphindi zoposa khumi. Apa ndi pamene ana athu a kumudzi amagwa. Galamala aidziwa, kulemba alemba, koma khutu silinazolowere ndipo lilime lichita manyazi. Ndalama zolipira mayesowa ndi za matumba ambiri a mtedza, ndipo wolephera alipiranso. Zotsatira zake zigwira ntchito zaka ziwiri basi, chotero mwana asathamangire kulemba asanadziwe kumene apita.

Mwina mufunsa kuti, ine wosadziwa Chingerezi ndingathandize bwanji? Mungathe ndithu. Wailesi ija mumamvera mpira ndi mitengo ya fodya, mpatseni mwana nthawi ya nkhani za Chingerezi, za MBC kapena za BBC, ndipo akatha akufotokozereni m'Chichewa zimene wamva. Akakanika kufotokoza ndiye kuti sanamve. Mukapita pa boma kukagulitsa soya, mgulireni nyuzipepala, ngakhale ya dzulo. Madzulo msiyireni nyali. Ndipo inu amai, mtsikana amene ali ku Ludzi kapena ku Magawa akabwera ku tchuthi, musamthere tsiku lonse pa mtondo ndi pa chitsime pamene mlongo wake akuwerenga pakhonde. Mwana akamayeserera kulankhula ndi anzake, musamseke kuti wayamba matama.

Koma chinenero si zonse. Ife timaphunzitsa mwana kuti polankhula ndi wamkulu azyolike, asayang'ane kumaso, asatsutse. Umenewo ndi ulemu, ndipo sindinena kuti muleke. Koma ku Ulaya ndi ku America mphunzitsi akaona wophunzira woyang'ana pansi ndi wosafunsa kanthu, aganiza kuti sanawerenge kapena akubisa china. Kumeneko wophunzira ayenera kufunsa, ngakhale kutsutsa mphunzitsi mwaulemu, ndipo aphunzitsi ambiri afuna kutchulidwa dzina lao loyamba, chinthu chimene kwathu kuno chingakhale chipongwe. Nthawi nayonso aisunga kwambiri. Akati naini koloko, ndi naini koloko. Munthu sapita kwa mnzake osauziratu, ndipo mlendo sapatsidwa mpando ndi madzi monga tichitira ife. Ana ambiri amayesa kuti akudedwa, chonsecho ndi khalidwe la kumeneko chabe.

Pali mlandu wina umene uli waukulu koposa. Kuno mwana woloweza mau a m'buku nawabweza monga alili timamtama kuti ndi wanzeru. Kumeneko kulemba mau a munthu wina osatchula mwini wake kuwerengedwa ngati kuba, ndipo munthu akhoza kuchotsedwa nako sukulu. Muuzeni mwana afunse za lamulo limeneli sabata yoyamba.

Chichewa chake asachitaye. Akafika adzafunsidwa za kwao, ndipo ndi chamanyazi kuti mwana wa kwa Mkanda kapena wa kwa Mlonyeni alephere kufotokoza za mudzi wake, za mfunda wake ndi za ulimi wa makolo ake. Zimenezi muphunzitsa ndinu.

Mau otsiriza ndi a kwa inu mafumu. Mwana wopita ku sukulu sanapite ku Joni kukagwira ntchito. Ku Britain wophunzira wa ku yunivesite aloledwa kugwira ganyu maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ndalamazo zithera pa lendi, chakudya ndi zovala za chisanu. Letsani abale kumvutitsa ndi mauthenga opempha malata ndi feteleza. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda olonjeza malo a sukulu kunja mukawapatsa ndalama. Thandizo lenileni, monga la Chevening ndi la Commonwealth Scholarship, lilengezedwa poyera, ndipo pofunsira salipiritsa. Banja likabwera kwa inu kuti ligulitse munda kapena dimba chifukwa cha ulendo wa mwana, musafulumire kuvomera. Itanitsani kalata yochokera ku sukuluyo, ndipo mutume munthu apite nayo kwa mphunzitsi wamkulu wa sekondale kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma kuti akaione, munda usanapite.