Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Chikhalidwe ku Dedza



Ndabwera ndi mawu amodzi: mwambo uli ndi kwawo. Munthu akayenda m'dziko lino kuchokera kumpoto kufikira kuchigwa cha Shire, angakhale atatseka maso, makutu ake adzamuuza kumene wafika, pakuti ku Rumphi adzamva vimbuza, ku Mzimba ingoma, ku Nkhata Bay malipenga, ku Mangochi beni, ku Mulanje ndi ku Phalombe tchopa, ndipo kuno kwathu mbalule ikalira, aliyense adziwa kuti gule watuluka. Magule amenewa adamera m'nthaka yawoyawo: ng'oma isemedwa ku mtengo wa pomwepo, kasiyamaliro alukidwa ndi makoko a chimanga cha m'minda yathu, ndipo gule achuluka m'chilimwe, nkhokwe zitadzala, anthu atapumula ku khasu.

Ife a ku Dedza tidalandira cholowa chachikulu. M'mapanga a ku Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira zimene adasiya Akafula ndi zoyera zimene adajambula makolo athu pa chinamwali ndi pa nyau, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, patangopita chaka chimodzi litalemekeza gule wamkulu mu 2005. Kutsetserekoku, ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo lero alendo awoloka nyanja kudzaona zimene ife tizipitirira osacheuka.

Koma ilipo miyambo ina yopanda kwawo, imene ibadwira m'mizinda ikuluikulu, niyenda ndi wailesi, kanema ndi foni, nifika tsiku limodzi ku Lagos, ku Johannesburg ndi ku Linthipe, kotero kuti mnyamata wa kuno ndi mnzake wa kutsidya kwa nyanja avala mofanana, ameta mofanana, navinanso mofanana. Sindidabwere kudzatemberera zimenezi, pakuti akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makolo athu sadali anthu oopa zachilendo. Malipenga ndi beni, amene lero tiwatcha magule a makolo, adachokera ku perete wa asilikali a m'nthawi ya atsamunda. Anthu a kunyanja adaona, nasema zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa, naikamo nyimbo za m'chinenero chawo. Ngakhale m'gule wamkulu adalowamo Simoni, Maria ndi galimoto. Chachilendo chidafika, koma chidagwada pakhomo, nichilandira mwambo wa eni mudzi.

Choopsa cha masiku ano n'chakuti mlendo akupeza pakhomo palibe mwini. Bwalo likagulitsidwa kuti pamangidwe golosale, nkhalango ya kumanda, imene m'midzi yambiri ndiyo yokha yasunga mitengo yakale ndi dambwe, ikatenthedwa makala, ndiponso agogo akamwalira opanda mdzukulu wokhala nawo pamoto kumva nthano, pamenepo mwambo usowa pogona, ndipo chotsala ndi gule wovinira ndalama pamsewu, wopanda mwambi, wopanda chilangizo. Abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique, amene tikumana nawo ku Mkaika mwezi wa Ogasiti pokalambira Kalonga Gawa Undi, adzatifunsa chimene tidachita nacho chuma chimene tidasungitsidwa.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu mafumu, tchinjirizani mabwalo ndi mitengo ya kumanda. Inu aphunzitsi, pitani nawo ana ku Chongoni ndi ku Mua, aone ndi maso awo. Ndipo inu anyamata ndi asungwana, foni imene ili m'manja mwanuyo mujambule nayo nyimbo ndi nthano za agogo anu akadali ndi moyo, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Ndi mawu amenewa ndikutsegulira mwambo wa lero. Ng'oma zilire.