MAU ONENEDWA PA MSONKHANO: ZA CHAMBO NDI OYENERA KUCHISUNGA

Tinene za chambo, pakuti nsomba imeneyi ndiyo idaphunzitsa ana athu ndi kutilipirira msonkho, ndipo lero yasowa m'mbale mwathu.

Atatu ali ndi dzanja pa nyanja ino: Boma, a malonda, ndi ife eni madooko. A malonda a maukonde akulu sadayambe dzulo. Abale a kwa Yiannakis, Agiriki, adayamba usodzi wao kuno m'zaka za m'ma 1930, boma lino likadatchedwa Fort Johnston, ndipo makolo athu adadandaula ndithu kuti nsomba zilikupita kutali, kumudzi kulibe ndiwo. Nchito yao idalowa m'manja mwa Maldeco mu 1968, ndipo Maldeco idadza pansi pa Press Corporation. Sitikana kuti kampani ilemba anthu nchito ndi kufikitsa nsomba ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene mwadiya sungazifikitse. Koma wa malonda aliyense, wamkulu kaya wamng'ono, awerenga za chaka chino. Za mdzukulu wosabadwa sizili m'buku lake.

Tsono taonani za Malombe, kumene sitingaloze chala mlendo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 nyanja yaing'ono ija idapatsa matani a chambo ngati 8,000 pa chaka. Pofika 1992 sanafike ngakhale 1,000. Adachita ichi ndani? Makoka athu ndi nkacha zathu, za maso ang'onoang'ono, zokokolola kasawala pamodzi ndi kambuzi, ndi kuzula udzu wa pansi umene ana a nsomba abisalamo. Inu asodzi mudziwa koposa ife kuti chambo chachikazi chisunga mazira ndi ana m'kamwa mwake. Wokoka khoka pa nyengo yoswana sapha nsomba imodzi iai, apha mudzi wonse wa nsomba.

Boma lidali nao malamulo, koma alonda ake adali ochepa ndi mafuta a boti osakwanira. Chotero mu 1993, mothandizidwa ndi mabungwe a kunja monga FAO ndi GTZ ya ku Germany, lidayamba kukhazika makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, kuti asodzi okha agwirizane za maso a ukonde ndi miyezi yotseka nyanja. Lamulo la usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi akhale ndi gawo pa kusunga nsomba. Nzeru yake idali yabwino, ndipo tiilemekeza.

Koma apa, Mafumu athu, mutilole tinene mosapsatira. M'madooko ena komiti idaoneka ngati mwana wa Boma ndi wa alendo opereka ndalama. Ndalama za misonkhano zitatha, nayonso idagona. M'madooko ena mudalowa anthu osadziwa kupalasa, eni maukonde ndi alovi ali kunja. Ndipo kwina komiti idalimbana ndi nyakwawa, chifukwa mwambo wa kupereka nsomba kwa mfumu, umene uli ulemu woyenera, udasanduka khomo lolowera msodzi wa ukonde woletsedwa. Komiti ilanda ukonde m'mawa, madzulo ukonde uli m'madzi. Nanga mnyamata woona zimenezi adzaopa lamulo liti?

Kuti mfumu ikhoza kusunga nyanja, umboni uli pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko mau a mfumu ndi akulu ake atseka usodzi nyengo ya dzinja, ndipo asodzi achoka pa chilumba kufikira tsiku lotsegulira. Adayamba mwambo umenewu makomiti asanabadwe.

Chifukwa chake tipempha msonkhano uno utumize mau kwa Mafumu Mponda, Chimwala, Chowe, Nankumba ndi Makanjira, kuti msodzi wachilendo asalandiridwe pa dooko komiti isanaone ukonde wake, ndi kuti mlandu wa ukonde wolandidwa uweruzidwe poyera pabwalo, chindapusa chilembedwe m'buku. Tipemphanso Bwana D.C. ndi a Dipatimenti ya Usodzi kuti maboti a injini okoka pansi asayandikire kugombe kumene chambo chiswana, pakuti wa mwadiya sadzamvera lamulo limene wa boti lalikulu alipyola iye alikuona. Mlembi awerenge mayankho pa msonkhano wathu wotsatira, nyanja isanatsekedwe.